Ndisiye ntchito ya pulojekiti n'kukaphunzitsa ku yunivesite? Ndithandizeni nzeru

Membala wobisa dzina:

A Admin, chonde mundibisire dzina, mabwana anga ali momwe muno.

Ndine mayi wa ana awiri, ndili ku Lilongwe. Digiri yoyamba ndinachita ya kompyuta, kenaka masters ya informatics, kafukufuku wake ndinapanga pa za umoyo. Panopa ndimagwira ku bungwe lina loyendera ndalama za madona. Timazungulira m'zipatala kuonetsetsa kuti makina olembera odwala akuyenda, ma touchscreen a ku ART aja otulutsa kasitika komata pa buku la kuchipatala. Mwezi ukatha timathandizanso ma data clerk kuti malipoti alowe mu DHIS2, pulogalamu ya pa kompyuta imene unduna umasonkhanitsiramo manambala a zaumoyo.

Salale ndi yabwino, sindinama. Koma kontirakiti ndi ya chaka chimodzi chimodzi, ndipo chiyambire Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lakunja, mtima sunakhalenso m'malo. Anzathu ena anapita kunyumba ndipo mpaka lero sanaitanidwenso.

Ndiye yunivesite ina ya boma inalengeza mpata wa ulekichala. Intavyu inayenda bwino, kalata yafika. Ndalama yake sikufika n'komwe pa theka la imene ndikulandira.

Chikundikoka si penshoni yokha ayi. Pali chinthu chimene ndimachiona pa ntchito tsiku ndi tsiku ndipo chimandisowetsa tulo. Pa health centre ina nesi mmodzi amaona amayi apakati yekha. Alembe mu rejisita yaikulu ija, alembe m'buku la mayiyo, alowetsenso mu tabuleti, pamzere pali anthu mpaka panja pa mtengo wa mango. Magetsi akathima mapepala amaunjikidwa pa windo, atapsinjidwa ndi botolo la sanitaiza, akuti tidzalowetsa akayaka. Manambala onsewo amapita kwa DHO, kuchoka apo ku unduna, koma kwa nesi uja sabwereranso. Palibe amadzamuuza kuti taonani, amayi anu ambiri akusiya sikelo akangobwera kachiwiri. Ndikufuna ndifufuze zimenezi mofatsa mpaka ndidzachite PhD. Kuno kuntchito ndikangoyambitsa nkhaniyi amati sizili mu workplan.

Amuna anga akuti ndiganizire fizi ya ana. Mayi anga akuti ntchito ya boma saikana. Inu amene muli m'mayunivesite, nthawi ya kafukufuku imapezeka zoona? Nanga PhD mukalowa kale ntchito imabwera bwanji?

Achisale:

Chemwali, ine ndakalambira m'kalasi, ndiye ndikuuzeni zimene sakuuzani pa intavyu. Munthu watsopano wodziwa kompyuta sapatsidwa health informatics tsiku loyamba. Amakupatsani ana a chaka choyamba, programming, holo yodzaza mpaka ena aima kumbuyo, theka sanagwirepo laputopu. Semesita ikatha mukunyamula masikiripiti m'katoni kupita nawo kunyumba, mukuchonga mwana akulira. Onjezani ma pulojekiti a ana a chaka chomaliza ndi makomiti. Kafukufuku mumapanga pa holide ndi usiku.

Chowawa n'choti pokukwezani sawerenga masikiripiti amene mwachonga. Kuti muchoke pa lecturer kufika pa senior lecturer amafuna mapepala otuluka m'majenala odziwika, ndipo popanda PhD simupita patali. Komabe ufulu wosankha nokha funso lofufuza ulipo, ndipo palibe wa workplan adzakuletseni.

Musanasaine, pitani kwa registrar mukafunse zinthu izi ndipo akuyankheni polemba: probation ndi yaitali bwanji, study leave mungaipeze patatha nthawi yanji, salale imapitirira muli kusukulu kapena ayi, komanso bond yake, yokumangani kuti muwagwirire ntchito mukabwerako kusukulu, ndi ya zaka zingati. Za pakamwa za head of department musazidalire, mipando imeneyo amasinthana.

Mjomba wa ku Mangochi:

Inu asisi musapusitsidwe ndi gauni. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, a pa payroll ya boma tinaona zakuda. Ana anu adya PhD? Khalani pomwepo mpaka akuchotseni okha, uku mukusunga kangachepe.

Nangozo:

Mjomba, mwawamva koma? Akuti kontirakiti ikhoza kutha mawa.

Achemwali, ine ndili kunja kuno pa PhD ya zomwezi, ndiye ndinenepo za sukulu. Kalata imene yafikayo ikhoza kukhala kiyi. Ma scholarship ambiri a PhD amakonda munthu amene ali ndi yunivesite yobwererako. CARTA, mwachitsanzo, imatenga ogwira ntchito m'mayunivesite ndi mabungwe amene ali mu mgwirizano wawo, munthu wa ku NGO sangangolowa. Commonwealth ili ndi PhD komanso split-site, yoti mwalembetsa kwanu koma miyezi ina mukakhale ku UK. Chevening musataye nayo nthawi, ndi ya masters ya chaka chimodzi basi.

Koma musayambe ndi kusaka ndalama, yambani ndi supervisor. DHIS2 imene mukuigwira mwezi ndi mweziyo likulu lake lili ku University of Oslo, ndipo inachokera ku ntchito ya HISP, pulojekiti ya data ya zaumoyo imene inayambira ku South Africa tsankho litangotha. Anthu a ku Oslo atulutsa ma PhD ambiri a muno mu Africa, Amalawi ali momwemo, ena akuphunzitsa ku Zomba. Funso lanulo, loti manambala amangokwera osatsikanso kwa amene anawalemba, ndi lomwe gulu limenelo lakhala likulimbana nalo zaka zonsezi. Werengani zimene analemba, kenaka mulembere mmodzi imelo yaifupi, muikemo masamba awiri a zimene mukufuna kufufuza. Imelo yongoti "ndikufuna PhD, mundithandize" sayankha.

Chinanso, zaka zimene mwakhala m'zipatalazo musazipeputse. Gerry Douglas anayamba kuika ma touchscreen pa chipatala chachikulu cha Lilongwe kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, ntchito imene inabala Baobab Health, ndipo PhD yake ya ku Pittsburgh inabwera pambuyo. Kuno ndimakhala ndi anzanga anzeru zedi pa machine learning koma sanaonepo rejisita ya sikelo ndi maso.

Bambo a mapasa:

Ndikutsatira. Mng'ono wanga wangomaliza Form 4, zimenezi amalowera ku KUHeS kapena ku MUBAS?

Achisale:

Bambo a mapasa, khomo si limodzi. Ena amabwera kuchokera ku kompyuta, ena ku unesi, udokotala kapena statistics, n'kudzakumana pa masters. Tsegulani funso lanu padera, pano tisasokoneze mayiwa.

Mkulu wa ma data:

Chenjezo limodzi mayi. Data imene mukuiona kuntchitoyo si yanu, si ya bungwe lanunso, ndi ya Unduna wa Zaumoyo ndi odwala eni ake. Tsiku limene mudzabweze ID, password nayonso yatha. Musayerekeze kukopera mu flash kuti ndidzagwiritsa ntchito pa PhD. Jenala yabwino iliyonse idzakufunsani chilolezo cha komiti yovomereza kafukufuku wa zaumoyo monga NHSRC, ndipo kuyambira 2024 tili ndi Data Protection Act. Choncho ngati mukuchoka, tsanzikani bwino. Anthu a ku Digital Health Division ya ku unduna, ma DHO ndi ma HMIS officer oyang'anira data amene mukudya nawo nsima lerowa ndi omwe adzasaine makalata anu.

Pa za mapepala, ya masters ija munaitulutsa? Ngati ili m'kabati, ipukuteni fumbi muitumize ku Malawi Medical Journal kapena kwina kodziwika. Majenala akunja amatchaja madola ambiri, koma angapo amachotsera kapena kukhululukira olemba ochokera kumayiko ngati kwathu kuno, bola mupemphe potumiza pomwe. Amene amakutumizirani imelo okha kuti titulutsa pepala lanu sabata ino, thawani, komiti yokweza anthu siwawerengera.

Nesi wa kumudzi:

Pepani ndilowerere, ine ndine nesi ngati amene mukumunenayo. Ofufuza amabwera ndi galimoto yoyera, mafunso ola lathunthu odwala akudikira, botolo la Fanta, basi sitidzawaonanso. Zotsatira timangomva kuti anakanena ku hotela ku Mangochi. Tabuleti yachitatu ikubwera, iliyonse ndi pulogalamu yake, chaja imodzi. Mukakhala dokotala wa mabuku mudzabwere kudzatichotsera rejisita imodzi yokha, tidzakuvinirani.

Mjomba wa ku Mangochi:

Anesi mwalasa. Koma ine ndikadali pa ndalama. Bwanji osayesa mabungwe ngati MLW ku Blantyre, UNC Project konko ku Lilongwe kapena MEIRU? Kumeneko kafukufuku ndiye ntchito yake, ndipo anthu amachita PhD ali pa malipiro. Kuphunzitsa mukhoza kumakagwira part-time Loweruka kuti muone ngati choko mukuchikonda.

Nangozo:

Apo mwanena zoona Mjomba, kungoti nakonso ndi ma grant, akatha mwatha. Ndipo mumafufuza funso la mwini grant mpaka mutadzapeza yanu.

Membala wobisa dzina:

Zikomo nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse, ina kawiri. Achisale, za bond ndi study leave sindinafunse, Lolemba ndiimbira registrar. Mkulu wa ma data, pepala la masters lilidi m'kabati. Anesi, mwandichititsa manyazi chifukwa galimoto yoyerayo nanenso ndimakwera.

Chimene sindinanene poyamba n'choti yunivesiteyo sili ku Lilongwe, ndipo amuna anga sangasamuke chifukwa cha ntchito yawo. Andipatsa masabata awiri kuti ndiyankhe. A Nangozo ndakulemberani ku inbox. Alipo mayi muno amene anachita PhD kunja ana ali aang'ono? Munawatenga kapena munawasiya ndi agogo awo, ndipo scholarship inkalipirako za ana?

Nangozo:

Inbox ndaiona, ndiyankha ndikatuluka mu labu. Za ana zimasiyana scholarship ndi scholarship komanso visa ya dziko lake, muwerenge malamulo a chaka chomwecho, osati zomva kwa amene anapita kale. Wanga ndinamusiya ndi mayi anga ku Ntcheu ali ndi zaka zitatu. Nkhani imeneyo si ya pagulu, tikambirana konko.