Ndigule Sienta yakale panopa kapena ndidikire hybrid?

Wa teksi, Area 25: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndithandizeni nzeru. Ndimayendetsa galimoto ya abwana, tageti tsiku ndi tsiku, ndipo kandalama kamene ndakhala ndikuponya ku banki m'khonde kakwana tsopano kugula Sienta yakale ija ya maso ozungulira, yoti ili kale m'dziko muno. Koma mtima wina ukuti ndipirire chaka china, ndiwonjezere, ndiitanitse ya hybrid, yoyendera petulo ndi batire, ku Japan. Mafutawa atipha. Ndipange bwanji?

Wa matola, Lilongwe–Dedza: Gulani Sienta amwene, musachedwe. Sipeya wake ali mbwee ku Biwi, makaniko aliyense amaidziwa ngakhale mumdima.

Mayi wa galimoto ziwiri: Achimwene, musanamve za mtundu wa galimoto, ndalamayo mwaisunga mu chiyani? Ngati ndi makwacha, chaka chomwe mukuti mudikirecho si inu nokha mudzakhale mukuyenda, mtengo nawo udzakhala ukuthamanga. Mu Meyi 2022 kwacha idagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 idagwanso ndi 44 peresenti. Amene adali atatsala pang'ono kukwanitsa nthawi imeneyo adadzuka m'mawa ndalama yawo ikugula theka la galimoto. Ku Japan amafuna madola, sitima madola, kudoko la Dar es Salaam madola, ndiye msonkho wa MRA pa Songwe nawonso amawerengera pa mtengo wa madola womwewo. Madolawo kubanki muwapeza lero?

Wa teksi, Area 25: Apo ndiye mwandilasa mayi. Ali mu makwacha ndithu.

Madala a pa renki ya Old Town: Ana inu mumakonda zachilendo. Galimoto ya batire ndi magetsi athuwa? Mwaiwala mdima uja Kapichira itawonongeka ndi namondwe Ana mu 2022?

Makaniko wa ku Biwi: Pepani madala, pamenepo ndikonzeko pang'ono. Hybrid ngati Aqua, Prius kapena Fit siilumikizidwa kukhoma ayi. Mumathira petulo basi. Batire lake limadzitchaja lokha, injini ikamayenda komanso mukamaponda buleki. ESCOM sizikuikhudza. Zolumikiza kukhoma ndi zina, monga Nissan Leaf.

Ndiye funso langa kwa achimwene a ku 25: mumagwira msewu uti? Chifukwa hybrid imapulumutsa mafuta pamene pali kuima ndi kunyamuka. Pamzere wa galimoto kuchokera ku Old Town kupita ku City Centre, injini imazima yokha, mota ndi yomwe imakukankhani pang'onopang'ono, mafuta osapsa. Koma mukalowa M1, mwadzaza anthu ndi matumba a mbatata, phazi pansi, injini imagwira ntchito nthawi yonse ndipo kusiyana kwake kumachepa.

Wa teksi, Area 25: Ine ndi wa m'tauni. Makasitomala oimba foni, ana asukulu m'mawa, mwa apo ndi apo ku eyapoti. Anthu sapitirira atatu kawirikawiri.

Mayi wa galimoto ziwiri: Ndiye mipando isanu ndi iwiri ya Sienta mukuifuniranji? Tiyeni tiyerekeze. Tinene kuti mumayenda makilomita 150 patsiku. Galimoto yoyenda makilomita 12 pa lita imwa malita 12 ndi theka. Yoyenda 22 imwa pafupifupi 7. Malita asanu ndi kanthu tsiku lililonse, chulukitsani ndi mtengo wa MERA wa lero, kenako ndi masiku a mwezi. Ndipo mafuta akasowa, mnzanu akagona pamzere kawiri inu mwagona kamodzi. Kwa ine phindu lalikulu ndi limenelo, chifukwa tsiku la pamzere ndi tsiku lopanda kasitomala.

Wa matola, Lilongwe–Dedza: Masamu abwino, koma batire likafa? Mnzathu wina yake yakhala pamiyala miyezi, ndalama ya batire yasowa. Komanso Aqua ndi yotsika kwambiri. Nthawi ya mvula m'misewu ya m'makwalala ya ku 25 ija muzikasiya bampala m'matope.

Makaniko wa ku Biwi: Zotsikazo ndi zoona, sindikutsutsa. Za batire ndiyankhe bwinobwino. Mu Aqua limakhala pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo lili ndi kafani kolizizira, kamene kamakoka mpweya m'kati mwa galimoto momwemo. Kwathu kuno fumbi, tsitsi, timapepala ta maswiti, zonse zimathera m'menemo. Kasitomala wina amatsekanso pobowolapo ndi chikwama. Batire likamatentha tsiku ndi tsiku limatha msanga. Ambiri amene amabwera kwa ine akulira, ndikatsegula ndimapeza fani yaphimbika ngati chisa cha mbewa. Kuitsuka si ntchito yodula.

China, musalole aliyense kuthira gasi wa AC mwachisawawa. Kompresa yake ndi yamagetsi, imafuna oyilo wakewake, ND-11. Akathira wamba mudzaona zoopsa. Mawaya a olenji aja asagwire munthu wosadziwa, magetsi ake ndi opha. Koma mbali inayi, Aqua ilibe sitata, ilibe alitaneta, ilibe fanibeluti, ndipo mabuleki padi amakhalitsa.

Madala a pa renki ya Old Town: Chabwino, mwandiphunzitsa. Komabe mwana asatenge ngongole ya katapila chifukwa cha fasho.

Mayi wa galimoto ziwiri: Pamenepo tagwirizana madala. Ndipo kudikira "zatsopano" n'kudzinamiza. Ife sitigula zatsopano, timagula zomwe a ku Japan atopa nazo. Aqua idatuluka mu 2011, Sienta ya hybrid mu 2015, Note e-Power mu 2016. Zosamwa mafutazo zilipo kale, zina zikuyenda mu Lilongwe momwemuno. Sienta ya hybrid ndi yodula, isiyeni. Funani Aqua yoti ili kale ndi nambala ya kuno, mulipire makwacha anuwo asanasungunuke.

Wa teksi, Area 25: Ilipo ina ndidaiona ku Area 47, ya 2013, mwini wake akuti mtengo tikambirana. Ndalama ikuperewera pang'ono, koma gulu likhoza kundibwereka. Kungoti ndimaopa kugula batire lakufa.

Makaniko wa ku Biwi: Musapereke ngakhale kobiri tisanaiike pa kompyuta. Timaona mphamvu ya chigawo chilichonse cha batire. Chimodzi chikatsalira kwambiri pa zinzake, ndiye kuti ulendo wayandikira. Ena amafufuta ma code osonyeza zovuta za galimoto m'mawa wa tsiku logulitsa, choncho tidzaiyendetse kaye mpaka itenthe, tikwere nayo mtunda AC ili yoyatsa. Mwini wake akakana zimenezo, bwererani.

Wa matola, Lilongwe–Dedza: Mukaisiya Sienta ija mundiuze, ndili ndi mlamu wanga akuifuna.

Wa teksi, Area 25: Zikomo nonse. Amakaniko, Loweruka m'mawa muli ndi mpata?

Makaniko wa ku Biwi: Bwerani nayo isanakwane 9, blue book musaiwale, tiyerekeze nambala ya chasisi.