Funso: kusunga zotsatira za function mu browser ndi _.memoize

Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwiritsapo ntchito memoize mu browser.

Ndikukonza tsamba la kaundula wa malonda a bungwe lina la alimi, ndipo muli function imene imawonkhetsa ndalama potengera mwezi ndi boma. Pa foni zotchipa zimene alembi athu ali nazo, tsamba linkayamba laima kaye munthu akangosintha mwezi, choncho ndinaika function ija mu _.memoize ya Lodash (library ya JavaScript), imene imasunga yankho la function kuti isawerengetsenso ikafunsidwa zomwezo. Liwiro linabweradi, koma m'mawa mwake mlembi wina anandiimbira kuti ndalama za Dedza ndi za Ntcheu zikutuluka zofanana mpaka tambala. Nditafufuza ndinapeza kuti Lodash imatenga argument yoyamba yokha (apa ndi mwezi) ngati kiyi yopezera yankho losungidwa, moti poti mwezi unali womwewo, inkangobweza yankho la boma limene linafunsidwa poyamba. Izi ndinakonza polemba resolver (function yopanga kiyi) yolumikiza mwezi ndi boma.

Zatsala ziwiri. Cache, mmene mayankho amasungidwa, imangokulirakulira popanda malire, pomwe alembi amasiya tsamba lili chitsegulire tsiku lonse. Komanso ndinachita chimodzimodzi ndi function ya fetch yotenga deta ku seva, ndiye netiweki ikaduka, Promise (lonjezo la yankho limene fetch imabweza) yolepherayo imasungidwa, ndipo mlembi amangolandira uthenga womwewo wolephera ngakhale netiweki itabwerera, mpaka atatsegulanso tsamba. Kodi ndikhalebe pa Lodash, kapena ndisamukire ku library ina?

Yankho loyamba: Achimwene, ngati mlembi amayang'ana mwezi umodzi kwa nthawi yaitali asanasinthe, library ya memoize-one ikukwanirani, chifukwa imakumbukira yankho la ulendo womaliza lokha, motero siingadzaze memory. Muchenjere pokha kuti imafananitsa ma argument ndi === (object imafanana ndi iyo yomwe yokha), ndiye mukamaipatsa object yatsopano ulendo uliwonse, izingowerengetsanso.

Yankho lachiwiri: Ine ndingasankhe memoizee, imene ili ndi max yoikira malire a zosungidwa, maxAge yoikira nthawi, ndiponso promise: true imene siisunga Promise yolephera. Koma musanawonjezere katundu pa bando ya alembi anuwo, dziwani kuti Lodash yomweyo ili ndi cache.delete, imene mungaiitane mu catch kuti kiyi yolepherayo ichoke, ndi cache.clear yoti muziitana malonda atsopano akalembedwa, apo ayi anthu azidzaona ndalama zakale.

Wofunsa: Zikomo kwambiri, za malonda atsopano zija ndinali ndisanaziganizire n'komwe. Kodi cache.clear ndiziitana seva ikavomera, kapena mlembi akangodina batani losungira?