Kodi zolemba za ana asukulu tingaziike bwanji pa intaneti popanda kuwaika pachiopsezo?

Woyang'anira laibulale, Katoto:
Aphunzitsi anzanga, pasukulu yathu ana a Fomu 2 amalemba ndakatulo ndi nkhani zogwira mtima m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, koma zikangochongedwa zimathera m'makope omwe palibe amawatsegulanso. Mulaibulale tili ndi makompyuta 6 ndipo ndimafuna kuti zolembazi ziziwerengedwa ndi ena, koma ahedi akana zotsegula tsamba la Facebook, ati kumeneko munthu aliyense angathe kumulembera mwana. Kodi alipo amene anayesapo njira ina?

Mphunzitsi wa Chingerezi, Luwinga:
Ahedi anu sanalakwe. Ife timagwiritsa ntchito Edublogs, pulogalamu ya pa intaneti yoikapo zolemba, yomwe maziko ake ndi WordPress (pulogalamu yopangira masamba a pa intaneti) koma anaikonzera sukulu. Mphunzitsi ndiye amatsegulira ana malo pansi pa dzina la kalasi, ndipo angathe kutchera kuti nkhani kapena ndemanga isaoneke kufikira iyeyo ataivomereza. Komabe musaganize kuti pulogalamu ikuwerengerani. Mtsikana wina analemba nkhani yokoma ya ulendo wake wobwerera kunyumba ku Zolozolo, m'menemo anatchula kanjira kachidule kamene amadutsa yekha komanso nthawi imene amadutsapo. Mawu oipa munalibe, motero makina sakanaiona vuto. Ndinamuitana, tinachotsa ziganizo ziwirizo, kenako ndinaivomereza.

Kholo, Chibavi:
Ine pempho langa ndi lakuti mutifunse kaye makolofe, makamaka pamsonkhano wa PTA, ndipo chilolezo chikhale cholembedwa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, Data Protection Act la 2024, ndipo dzina ndi chithunzi cha mwana ndi uthenga woterowo. Chithunzi cha mwana atavala yunifolomu yokhala ndi baji chimauza mlendo kumene angamupeze m'mawa uliwonse. Dzina loyamba lokha ndi lokwanira.

Woyang'anira laibulale, Katoto:
Zikomo kwambiri nonse. Za baji sindinaziganizirepo n'komwe. Nanga makompyuta ogwiritsa ntchito ana ambiri mumatani nawo?

Mphunzitsi wa Chingerezi, Luwinga:
Mwana aliyense atuluke mu akaunti yake asanaimirire pampando, apo ayi mnzake alemba zachipongwe m'dzina lake. Ife timalembera papepala choyamba, kenako timataipa Lachisanu, poti bandulo ya intaneti siichedwa kutha.