Abale ndithandizeni, anthu akulowa pa webusayiti yanga koma sakugula

Membala wosatchula dzina:
Moni abale nonse. Aadimini chonde musachotse, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ine ndimasoka zikwama, zapaphewa za amayi ndi za ana asukulu, ndipo poyamba ndinkagulitsa pa Facebook ndi pa WhatsApp basi. Sizinali zambiri koma zinkayenda. Kenako alamu anga, amene amati amadziwa makompyuta, anandikakamira kuti nditsegule webusayiti, ati bizinesi yopanda webusayiti anthu sayilemekeza. Ndinawalipira ndithu, ndalama yomwe ndinkasungira makina atsopano, koma kwa achibale amakafotokoza ngati anandichitira chifundo. Lero ndikawaimbira sayankha, uthenga amawerenga n'kungousiya. Achemwali anga, akazi awowo, akuti ndisawavutitse, munthu ali ndi zochita zambiri. Chinanso chondiwawa, mayi wina amene tinkasoka limodzi watenga zithunzi za zikwama zanga n'kuziika patsamba lake, mpaka nsalu yomwe ndinayala pansi pojambula ikuchita kuoneka kuti ndi yanga. Abambo a kunyumba nawo akangondiona ndili pa laputopu, ayamba kuwerengetsera ndalama zomwe zinalowa m'madzi.

Vuto ndi ili: manambala akuonetsa kuti anthu akulowa, koma oda kulibe. Ena akalowa amabwera pa WhatsApp kudzafunsa mtengo, chonsecho mitengo ili pomwepo. Ndasintha mtundu wa tsamba, unali wofiirira pano ndi wobiriwira, palibe chachitika. Kodi ndisinthe logo? Kapena ndiike kanyimbo koti munthu akalowa asangalale? Kapena zikwama zangazo ndi zosakongola, ndiuzeni zoona. Ndathedwa nzeru.

Mlongo wa Zoluka:
Pepani achemwali, koma linki ili kuti? Tikuthandizani bwanji chinthu chomwe sitinachione?

Katswiri wa Makodi:
Linki siyofunika, matendawa ndimawadziwa. Webusayiti yanuyo NJOCHEDWA KUTSEGUKA. Basi. Logo, mitundu, zonsezo n'kutaya nthawi. Anthu ambiri amalowa ndi foni, ena netiweki yofooka, data yowerengeka. Inu mwajambula chithunzi ndi foni, cholemera mamegabaiti anayi kapena asanu, mwachiponya momwemo osachichepetsa, ndiye tsamba limodzi lili ndi zithunzi makumi awiri zotero. Munthu adikire mpaka liti? Pitani pa PageSpeed Insights, ndi chida cha Google chaulere, muike adiresi ya webusayiti yanu, muone mbali ya foni. Google imanena kuti chinthu chachikulu cha patsamba chizioneka pasanathe masekondi 2.5. Yanuyo ndikulumbira ili kutali. Zithunzi zichepetsedwe, zikhale za WebP (mtundu wa fayilo ya chithunzi yopepuka), ma plugin (timapulogalamu towonjezera pa webusayiti) osafunika achotsedwe. Koma kunena zoona, yogwetsa n'kumanganso imeneyo. Ntchito ya mlamu sikonzedwa.

Mnyamata wa Kamera:
Bwana, musawauze amayi kuti aphwanye zithunzi. Chikwama munthu sakuchigwira, akugula ndi maso. Mukachifinya kwambiri chithunzi, msoko suoneka, nsalu imaoneka ngati yosuwa, ndiye agule chiyani? Amayi, jambulani pafupi ndi zenera masana, kumbuyo kukhale koyera kopanda maluwamaluwa. Chikwama chilichonse chioneke kutsogolo, m'mbali, mkati motsegula, zipi yake pafupi, ndi china chili paphewa pa munthu kuti kukula kwake kudziwike. Mulembenso masentimita, m'litali ndi m'lifupi. Za mayi wakuba zithunziyo, muzilemba dzina la bizinesi yanu pakona ya chithunzi chilichonse.

Katswiri wa Makodi:
Iwe mphwanga, ndani wanena kuti aphwanye? Chithunzi chotuluka m'foni chimafika mapikiselo 4000 m'lifupi, sikirini yomwe munthu akuonera ndi kachikhatho. Kuchitsitsa kufika pa 1200 msoko umaonekabe bwinobwino. Uziyamba wamva kenako n'kuyankha.

Mnyamata wa Kamera:
Ndamva bwana, koma tsamba lotseguka msanga lodzaza zithunzi zamdima silingagulitsenso kanthu.

Azakhali a Gulu:
Mwana wanga, ine za makompyutazi sindilowererapo. Koma nkhani ya alamu ako, ya mkulu wako, ya amuna ako, wayala pagulu la anthu ochuluka chonchi? Ngakhale wabisa dzina, wachibale akawerenga adziwa kuti ndi iwe. Pita ukakhale nawo pansi achemwali akowo mukambirane. Webusayiti ikhoza kukonzedwa mawa, koma ukadana ndi mbale wako chifukwa cha zimenezi udzalira.

Mlongo wa Zoluka:
Azakhali, munthu akapsinjika amalankhula. Musiyeni.

Bambo wa Mabuku Akale:
Mayi, zanuzi zandikumbutsa zanga, mpaka mtima wayambanso kuwawa. Ine ndimagulitsa mabuku ogwiritsidwa kale ntchito. Mnyamata wina anandipangira webusayiti yokongola kwabasi, makasitomala anayamba kuizolowera, ndinasindikiza adiresi yake pa timapepala ndi pa zikwama zopakiramo. Osadziwa kuti domain, ndiye kuti adiresi ya webusayitiyo pa intaneti, analembetsa pa dzina lake, ndi imelo yake. Tinasemphana pang'ono, iye zii. Nthawi yolipiranso itakwana, uthenga wokumbutsa unkapita kwa iye. Tsiku lina m'mawa webusayiti kulibe. Pamene ndimathamanga uku ndi uku, dzina lija wina anali atalitenga. Ndinayambiranso pachiyambi, makasitomala ena mpaka lero amaganiza kuti ndinatseka. Ndiye ndikufunseni: domain ili pa dzina la ndani? Hosting, malo omwe webusayiti imasungidwa, amalipira ndani? Pasiwedi ya adimini muli nayo?

Wa WhatsApp Basi:
Kkkkk kanyimbo pa webusayiti? Achemwali, munthu watsegula mobisa ali pamsonkhano wa kuntchito, mwadzidzidzi foni yayamba kuimba, sadzabweranso ameneyo. Musayerekeze. Ndipo ine ndinganene kuti itsekeni webusayitiyo. Mwanena nokha kuti pa WhatsApp zinkayenda. WhatsApp Business ili ndi katalogi, mumaika zithunzi ndi mitengo, kwaulere. Wogula amafuna kulankhula ndi munthu.

Katswiri wa Makodi:
Maganizo awa ndi amene amabwezeretsa mabizinesi m'mbuyo. Pa WhatsApp akupezani ndani yemwe alibe nambala yanu? Munthu wosaka chikwama pa Google adzakupezani pa WhatsApp? Tsiku lomwe nambala yanu idzatsekedwe bizinesi yonse yatha. WEBUSAYITI NDI YANU, nsanja za eni si zanu.

Wa WhatsApp Basi:
Funsani bambo a mabukuwo ngati webusayiti inali yawo.

Mayi wa Sopo:
Ine ndimagulitsa sopo wopanga ndekha, si katswiri ayi, koma ndinene zomwe zinandithandiza. Musasinthe kanthu musanaone pamene anthu akukakamira. Pezani anthu asanu omwe sanalowepo pa webusayiti yanu, aliyense pa foni yake, muwauze kuti agule chikwama cha mwana wasukulu. Inu khalani pambali, pakamwa mutseke, ngakhale atasochera musawalozere. Mungoona pamene chala chaima ndi pamene nkhope yakwinya. Njira imeneyi si yanga, katswiri wa mawebusayiti Jakob Nielsen analemba kale mu 2000 kuti anthu asanu amakwanira kuulula mavuto ambiri a momwe tsamba limagwirira ntchito. Chachiwiri, mtengo wotumizira katundu. Bungwe la Baymard Institute limafufuza zimenezi, ndipo limapeza kuti pa madengu khumi alionse amene anthu amaikamo katundu pa intaneti, pafupifupi asanu ndi awiri amasiyidwa osalipiridwa. Chifukwa chimene ogula amatchula kwambiri ndi ndalama zowonjezera zotulukira kumapeto, monga zotumizira. Ndiye lembani mtengo wotumizira ndi masiku ofikira pafupi ndi chikwama pomwepo, munthu asakadzidzimuke atafika polipira.

Mphunzitsi Wopuma:
Ana inu opanga mawebusayiti, mumadana nafe chiyani ife a magalasi? Timalemba ting'onoting'ono, totuwa, pamwamba pa choyera. Ine mdzukulu wanga akafuna chikwama ndine ndimalipira, koma ndikalephera kuwerenga ndimatseka. Mayi, mwati pano tsamba ndi lobiriwira. Nanga malembawo ndi a mtundu wanji? Akhale akuda bii pamalo owala. Batani logulira likhale lalikulu loti chala changa chikwanepo, lilembedwe mawu omveka, osati kachizindikiro koti ndilote tanthauzo lake.

Katswiri wa Makodi:
Aphunzitsi anena zoona koma mopanda manambala. Malemba asatsike pa mapikiselo 16. Muyezo wa WCAG, wothandiza kuti aliyense athe kugwiritsa ntchito webusayiti, umati kusiyana kwa mtundu wa malemba ndi wa kumbuyo kusachepere 4.5 kwa 1. Koma zonsezi n'zachabe ngati tsamba silikutseguka. Komanso HTTPS, njira yotetezera zomwe munthu akulemba pa webusayiti. Kuyambira 2018 Chrome imalemba kuti "Not secure", kutanthauza kuti silotetezeka, pa tsamba lopanda HTTPS. Ndani angalembe nambala yake pamenepo? Satifiketi ya HTTPS yochokera ku Let's Encrypt ndi yaulere, koma ndikudziwa kuti alamuwo sanaiike. Ndabwereza: gwetsani, mangani ina.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse, ndikuwerenga. Azakhali ndamva, koma achemwali angawo ndinapita kale, anangoti ndimakonda kudandaula, chonsecho pa ukwati wawo ndine ndinasoka zonse osalandira kanthu. Za kuchedwa sindikudziwa, pa laputopu yanga imatseguka bwino ndipo imaoneka yokongola. Mitengo ndanena kale kuti ilipo, munthu akangolembetsa akaunti, dzina, imelo, nambala, tsiku lobadwa ndi pasiwedi, amaiona yonse. Alamu anati tichite choncho kuti mayi uja asamaone mitengo yanga. Ndiye logo ndiisiye?

Mayi wa Sopo:
Achemwali imani kaye. Mwati mitengo imaoneka munthu AKALEMBETSA akaunti?

Mlongo wa Zoluka:
Eee! Si chimenechi nanga?

Katswiri wa Makodi:
Pa laputopu yanu imatseguka msanga chifukwa zithunzi zinasungidwa kale mu browser yanu, pulogalamu yomwe mumatsegulira mawebusayiti. Mlendo amazikoka zonse koyamba. Ndanena kuyambira pachiyambi kuti nkhani ndi liwiro.

Mayi wa Sopo:
Bambo, dikirani pang'ono, liwiro tamva. Achemwali, taganizani mwalowa m'sitolo, mwaona chikwama, mwafunsa mtengo, wogulitsa n'kukupatsani fomu yoti mulembe tsiku lobadwa asanakuyankheni. Mungaime? N'chifukwa chake akuthawira pa WhatsApp kukafunsa mtengo, ndipo amenewo ndi ochepa okhawo amene achikondadi chikwamacho, ena onse angotseka. Zikwama zanu zilibe mlandu. Mayi mukumubisirayo akhoza kulembetsa ndi dzina lililonse n'kuona mitengo yonse, amene mwawatsekera kunja ndi ogula. Mtengo uoneke pansi pa chithunzi chilichonse. Polipira munthu azidutsa ngati mlendo, alembe dzina, nambala ndi komwe katundu apite, basi. Tsiku lobadwa chotsani, simukulifuna posoka kapena potumiza. Akaunti muzimupempha akamaliza kugula, akafuna.

Mnyamata wa Kamera:
Komanso amayi mwati pa laputopu. Pa foni munayamba mwaitsegulapo?

Wa WhatsApp Basi:
Mwaonatu, onse akuthawira kwathu kkkk. Ikani batani la WhatsApp patsamba lililonse, nkhani yatha.

Mayi wa Sopo:
Batanilo aike, silolakwika, ena amafunadi kufunsa asanalipire. Koma lisaphimbe batani logulira, pa foni zimakonda kukwerana.

Katswiri wa Makodi:
Chabwino, za mitengo ndavomera, koma tamverani chifukwa chake ndikuti igwetsedwe. Ngati ili pa WordPress ndi WooCommerce, mapulogalamu opangira sitolo ya pa intaneti, kugula opanda akaunti kumatsegulidwa mu Settings, pa Accounts & Privacy, n'kungochonga kabokosi. Koma kubisa mitengo WooCommerce payokha sichita, ndiye alamuwo anaika plugin kapena analemba kodi yawoyawo. Ngati anachita zimenezo, anaikanso zingati zomwe sitikuzidziwa? Mayi, ili pa chiyani webusayitiyo? WordPress, Shopify, Wix?

Membala wosatchula dzina:
Zimenezo sindidziwa bambo. Ine anandipatsa polowera poika zithunzi ndi kusintha mitundu basi. Za Settings mukunenazo kwanga sizioneka. Pa foni ndatsegula pompano, batani logulira lili pansi penipeni, ndachita kulisakasaka. Mtima wanga ukugunda.

Bambo wa Mabuku Akale:
Ndinafunsa pamwambapo, palibe anandimvera. Mayi, akupatsani kiyi wa chipinda chimodzi chokha. Zonse akukuuzani anzangawa simungachite popanda akaunti ya adimini.

Azakhali a Gulu:
Ndiye si ndinanena kuti njira yake ndi yokambirana? Ukawalalatira alamuwo pano, pasiwediyo uipeza kuti?

Katswiri wa Makodi:
Osawapempha n'komwe. Yatsopano, dzina latsopano, pa sabata imodzi yatha.

Bambo wa Mabuku Akale:
Ayi bambo, dzina latsopano ndi limene linandithawitsira makasitomala ine. Mayi, alembereni alamu anu uthenga waufupi, waulemu, wopanda za ukwati kapena za ndalama zakale. Mupemphe zinthu zitatu: akaunti ya adimini ya webusayiti, polowera ku kampani ya hosting, ndi kusamutsa domain kuti ikhale pa dzina lanu ndi imelo yanu. Muwauze kuti mukufuna kuwapeputsa ntchito, mwina ayankha msanga. Pakadali pano lembani adiresi ya webusayiti yanu pa chida cha ICANN Lookup, chikuonetsani kampani yomwe domain inalembetsedwa ndi tsiku lomwe ithere. Tsiku limenelo mulilembe penapake lero lomwe.

Mphunzitsi Wopuma:
Mukaipeza pasiwediyo musaiwale malemba aja.

Mayi wa Sopo:
Podikira alamuwo, poti zithunzi mumatha kuika nokha, onani ngati mungathenso kusintha mawu ofotokoza chikwama chilichonse. Ngati zikutheka, lembani mtengo mu mzere woyamba wa mawuwo usiku uno.