Mtengambali wanga akubisa mkute, owonerera akuseka

Wolemba, Zolozolo: Anzanga, ndithandizeni. Ndikukonzekera sewero ndi ana a Fomu 3. Mtengambali wamkulu ndi mtsikana wa zaka 9, mayi ake anamwalira, akukhala kwa azakhali ku Chibavi. Amadya katatu pa tsiku, koma usiku amabisa mkute pansi pa mphasa. Dzulo tikuyeserera, ana anangofa ndi chiseko, wina n'kuti "ameneyu ndi wosusuka basi". Zandipweteka, chifukwa mwanayu ndinamulemba ndi misozi.

Mphunzitsi wa Chichewa, Katoto: Achemwali, mwaonetsa dzanja likutenga nsima, koma mantha ake simunawaonetse. John Bowlby, dokotala wa za maganizo a ana wa ku London, anafalitsa mu 1944 zimene anapeza pa ana 44 omwe ankaba. Mwa iwo, 14 sankaonetsa chikondi kwa wina aliyense, ndipo 12 mwa 14 amenewo anali atasiyana ndi amayi awo nthawi yaitali asanakwanitse zaka 5. Mwana wanuyo sakhulupirira kuti amene wamupatsa chakudya lero mawa adzakhalapo. Lembani kuchokera pamenepo.

Wotsogolera zisudzo, Luwinga: Aphunzitsi anena zoona, koma chonde mayi, Bowlby asalowe m'kamwa mwa mtengambali aliyense. Chitani chonchi: mkutewo asamaudye. Azakhali akusesa m'mawa, akukweza mphasa, akupeza mitanda itatu yokulunga m'kansalu, umodzi wachita chuku, nyerere zili yakaliyakali. Wosusuka akanadya kalekale. Owonerera adzazindikira okha, simudzamva kuseka.

Azakhaliwonso musawachite mfiti. Muyambe mwaonetsa amuna awo akuwakalipira za ndalama ya makala, Juni wa ku Mzuzu uno mukumudziwa. Azakhaliwo akamadzamulalatira mwanayo, tidzadziwa kumene mkwiyowo wachokera. Sigmund Freud, katswiri wa za maganizo a munthu, ndi omutsatira anafotokoza kuti mkwiyo umasamukira kwa amene sangabweze.

Namwino wolembako nthano, Mchengautuwa: Ine pang'ono ndikusiyana nanu. Kwathu kuno mwana saleredwa ndi mayi yekha, ndiye musamutsekere mtsikanayu khomo ngati kuti basi anawonongeka. Mary Ainsworth, yemwe anagwirapo ntchito ndi Bowlby, anayendera mabanja 26 pafupi ndi Kampala mu 1954 ndi 1955. Anaona kuti mwana wodalira womusamalira amachoka pamiyendo n'kukasewera, akumacheukacheuka. Mupatseni kucheuka kumeneko pomaliza.

Wolemba, Zolozolo: Zikomo nonse, usiku wathawu sindinagone. Gawo lomaliza lili chonchi tsopano: azakhali sakumumenya, akungomuikira mbale yovundikira pamutu pa mphasa yake tsiku lililonse. Tsiku lachinayi mtsikana akusiya mbale ija osaivundukula, akutuluka kukasewera fulaye, akucheuka kamodzi pakhomo. Tayeserera masanawa, mnyamata anaseka dzana uja anangoti zii. Chandivuta n'chimodzi: azakhali ayankhulepo kanthu akaona mbaleyo?

Wotsogolera zisudzo, Luwinga: Asayankhule mayi. Angotola mbaleyo n'kukaikanso pamoto.