Lenzi ya 50mm yakana kufokasa pa kamera ya Nikon D3200, chinkhoswe Loweruka lomweli

Wa ku Kawale:
Akuluakulu ndithandizeni mutu sukugwira. Ndinatuma msuweni wanga ku Joni andigulire lenzi ya 50mm 1.8 ya Nikon yogwiritsidwapo kale, yafika dzulo pa basi, ndaika pa D3200 poyamba imangothwanima error yoti FEE shata osalira, ndazunguza ring'i ya aperture (yosinthira kukula kwa bowo lolowera kuwala) mpaka pa 22 FEE yachoka ikujambula ndithu koma fokasi ziii, ndikadina batani la shata hafu palibe chikuyenda olo kaphokoso, ndabwezera kit 18-55, lenzi yobwera ndi kamera, ikufokasa bwinobwino, ndaikanso 50 ija ziii. Mu menu yangokakamira pa MF (kufokasa ndi dzanja), AF (kufokasa yokha) sikusankhika. Loweruka ndili ndi chinkhoswe muholo yamdima, depoziti ndinatenga kale ndipo ndi yomwe ndagulira lenzi imeneyi. Andiponda kapena pali setting yomwe sindikuiona? Chonde zondiuza kuti ndikawerenge buku la kamera ayi, nthawi palibe

Mlongo wa ku Zomba:
Achimwene tawerengani zolembedwa pa lenzipo mutiuze ndendende. Palembedwa AF-S kapena AF yokha? Ndiye kutsogolo kwa 1.8 kuli D kapena G? Ngakhale poti mwati ili ndi ring'i ya aperture yankho ndalidziwa kale

Wa ku Kawale:
AF NIKKOR 50mm 1:1.8 D

Mlongo wa ku Zomba:
Ndi zomwe ndimaopa. Lenziyo ndi yabwinobwino sanakupondeni, kungoti ilibe mota mkati. Ma AF-D amadalira mota ya mu bodi, kamera yeniyeniyo, kuti iwapukuse. Ichotseni muyang'ane kumbuyo kwake pa chitsulo pali kamutu kangati ka sikuluwu kokhala ndi mzere pakati, pa D90, D7000, D7100 pamakhala kamsonga pa mount (pomangira lenzi) cham'munsi kamene kamalowa pamenepo n'kumazunguza magalasi. D3200 yanuyo kamsonga kameneko ilibe, banja lonse la D3000 ndi D5000 lilibe, kuyambira kale pa D40 pomwe. Ndiye palibe setting, olo mupange reset kakhumi. Yoyenera bodi yanu ndi AF-S 50mm 1.8G, yopanda ring'i ya aperture, mota ili mu lenzi momwemo. Mita yoyeza kuwala yokha ikugwira poti ma contact alipo, n'chifukwa chake ikujambula. Ring'iyo pa 22 paja muitseke ndi kaloko kali pambalipo apo ayi izisuntha m'chikwama FEE izibweranso pakati pa ntchito

Wa ku Kawale:
Mxii. Ine ndinangomulembera kuti 50 1.8 Nikon basi, iye anaona ziwiri n'kutenga yotchipayo akumati wandisungira ndalama

Madala a Filimu:
Mphwanga vuto lili pati apa? Lenzi ili ndi ring'i ya fokasi, inu muli ndi dzanja. Ife maukwati tajambula zaka ndi zaka ndi kamera ya filimu ya FM2, mota kunalibe, filimu ya 36 ukalakwitsa umadziwa patatha sabata ukakatenga kotsukitsa. Zunguzani ndi dzanja basi. Galasi la 1.8D ndi labwino kwambiri musalinyoze.

Mnyamata wa Canon:
kkkkk ife ku Canon zimenezi sitizidziwa, kuyambira 1987 EF iliyonse mota ili mu lenzi, 50 STM ungoika pa 600D basi yayamba ntchito

Mlongo wa ku Zomba:
Aise munthu ali pamoto iwe ukulalika za Canon, akagule bodi yatsopano pofika Loweruka?

Wa Studio ku Ndirande:
Za manual zo Madala ndikukanizani mwaulemu. Ndinayesapo ine pa D5100 ndi lenzi yomweyi chaka china pa chinkhoswe ku Chilomoni, ndinkadziona ngati katswiri, ndatsegula pa 1.8 kuti kumbuyo kusungunuke anthu adabwe. Pa kasikirini kakumbuyo zonse zimaoneka shapu, ine kumangomwetulira. Kufika kunyumba kuika pa laputopu mayo ine, nthawi yosinthana nkhuku ija ankhoswe onse awiri nkhope mbuu, chomwe chili shapu ndi tambala, mpaka nthenga kumawerengeka imodzi imodzi. Perekani perekani ndiye osanena anthu akuvina akubwera kwa iwe ndalama zili m'mwamba, pa zithunzi zonse za pamenepo zotumizika zinali zowerengeka pa zala. Mayi ake a mtsikana anabwera okha ku studio atavala chitenje cha chinkhoswe chomwecho, anakhala pa benchi osayankhula akungotembenuza zithunzi, kenako anangofunsa kuti kodi tinakuitanirani nkhuku? Balansi sindinaione mpaka lero ndipo sindinailondole.

Madala a Filimu:
Chimenecho si chifukwa cha lenzi mphwanga, dzanja linali lisanaphunzire. Zunguzani ndi dzanja tsiku ndi tsiku muona.

Mphunzitsi wa ku Mzuzu:
Madala FM2 yanu ija inali ndi viewfinder (kawindo kosuzumiramo) yaikulu yowala komanso pakati panali ka split kaja, mzere ukaduka mumadziwa kuti simunafike, ukalumikizana mwafika. D3200 mkati ndi timagalasi osati prism, kawindo kakang'ono kamdima, split palibe, anaipangira autofocus. Pa 1.8 diso silingasiyanitse bwino za shapu ndi zotsala pang'ono. Tiyeni tiwerengere. 50mm pa crop (sensa yaing'ono ngati ya D3200), f/1.8, munthu ali pa mamita 2, malo omwe ali mu fokasi ndi pafupifupi 11 cm basi, kutsogolo ndi kumbuyo kuphatikiza. Munthu akangoweramira kutsogolo kuti aponye ndalama m'lichero watulukamo kale. Pa mamita 3 ndi cha m'ma 26 cm. Mukatseka kufika f/4 pa mamita 3 pomwepo mumapeza kupitirira theka la mita, apo ndiye dzanja likhoza kukwanitsa, koma nanga pa f/4 muholo yamdima mwapindula chiyani kuposa kit? Kuonjezera apo 24 megapixel siibisa kanthu, filimu tinkatsuka pa postikhadi zolakwika zambiri sizinkaoneka.

Achimwene a ku Kawale ngati mukufuna kuyesabe, muviewfinder pansi kumanzere muli kadontho kobiriwira, kakayaka osathwanima ndiye kuti point yomwe mwasankha yagwira. Ikani point yapakati. Mu setup menu mulinso Rangefinder muiyatse imakulozerani mbali yoti muzunguzire, koma dayilo ya pamwamba ikakhala pa M siigwira imaonetsa mita, ndiye muiike pa A. Za zinthu zoima monga keke, mphete, mphatso, live view ndi zoom ndiye yolondola kuposa zonse. Koma anthu ovina iwalani.

Madala a Filimu:
Masamu ambiri aphunzitsi. Ife sitinkawerenga ma cm. Unkaika fokasi pamalo pomwe anthu adutse n'kudikira afike okha. Dzanja basi.

Mphunzitsi wa ku Mzuzu:
Njira imeneyo ndi yoona Madala sindikukana, koma munkaichita pa f/8 ndi flashi, panja dzuwa lili phwee, osati pa 1.8

Wa ku Kawale:
Ndayesa kadontho kaja pa mwana wa aneba akusewera pakhonde, pa 20 zabwino 4. Nanga ndikabwereka bodi? Pali mnzanga ali ndi D90 ku Area 25

Wa Studio ku Ndirande:
D90 iipukusa bwinobwino imeneyo koma chenjerani zingapo. Batire si imodzi, yanu ndi EN-EL14, D90 imadya EN-EL3e, ndiye mutenge ndi chaja yake yomwe ndipo mufunse ngati batireyo ikusungabe moto, kamera ya 2008 imeneyo mabatire ambiri anatopa. Chachiwiri ISO, D90 ikadutsa 1600 mchenga umayamba kuoneka, D7000 ndiye bola mutaipeza koma nayonso batire ina, EN-EL15. Chachitatu kamera yobwereka muione menu yonse usiku wake. Ine ndinabwerekapo bodi kwa mnzanga ukwati wonse kujambula osayang'ana, kumeneko mwini wake anaisiya pa JPEG basic small ankajambulira katundu woika pa WhatsApp, ndinadziwira kosindikiza eni ake atafuna chithunzi chachikulu cha mufulemu cha pabalaza, nkhope kumaoneka timabokosi. Komanso pali kaswitchi ka AF ndi M pa bodi kutsogolo pafupi ndi mount, kakakhala pa M kamsonga kaja kamalowa mkati mubweranso pano kudzalira kuti nayonso yakana

Mlongo wa ku Zomba:
Ine funso langa ndi lina, 50 pa crop muholo mukaima pati? Imakhala ngati 75mm pa kamera ya filimu. Mukaima mamita 3 m'lifupi mukutenga mita imodzi ndi theka osakwana, anthu atatu ataima mothinana. Ankhoswe a mbali zonse akaimirira kutsogolo mubwerera m'mbuyo mpaka kukhala pamiyendo pa azakhali a mwini wake, ndiye pakati panu ndi iwo padzadza anthu a mafoni ndi matabuleti. Mukadafunsa musanatume ndikadakuuzani 35mm 1.8G DX, ili ndi mota, pa bodi yanuyo imaoneka ngati 50 yeniyeni, ndipo fyuluta yake ndi 52mm chimodzimodzi kit yanu. 50G ndi 58mm mukagulanso fyuluta ina.

Loweruka lino ine nditakhala inu ndingapite ndi kit ndi flashi basi. Kit ikufokasa, pa 18 mutenga gulu lonse. 50mm 1.8D yanuyo muisunge m'thumba ya mapotireti panja mwambo usanayambe, awiriwo ataima phee, f/2.8, kadontho kobiriwira, muzijambula zitatu zitatu.

Wa ku Kawale:
Kit pa 55 imafika 5.6 asisi, muholo muja mababu ndi anayi, ndinakaonako Lamlungu. Ndi chifukwa chake ndinafuna 1.8. Flashi ndilibe ndili ndi ya pamutu yomweyi

Mnyamata wa Canon:
ndili ndi flashi ya speedlite ndikhoza kukubwereka man ngati uli mu Lilongwe momuno

Mphunzitsi wa ku Mzuzu:
Ya Canon pa Nikon TTL (kudziyezera yokha mphamvu ya kuwala) siigwira, timapini tinasiyana malo, ikalira ilira pa manual yokha mphamvu muzichita kusintha nokha. Bola kubwereka yopangira Nikon kapena ya manual ngati YN560 yomwe siisankha bodi. Shata isadutse 1/200 pa D3200. Ndiye muone kudenga, ngati holoyo ilibe siling'i ndi malata okhaokha kutalitali bounce (kuwombera kudenga kuti kuwala kubwerere) musayembekezere, kuwala kumangopita osabwerako, ikani kakhadi koyera kapena muwombe kukhoma ngati ndi loyera. Khoma likakhala lobiriwira kapena la pinki anthu onse atuluka mtundu umenewo. Mabatire a AA otchaja seti ziwiri, aja otchipa a pa msika amafa mkwatibwi asanalowe n'komwe. Magetsi akathima ndiye lenzi iliyonse isakasaka fokasi mumdima, yatsani AF assist, kanyale kothandiza kufokasa

Madala a Filimu:
Mwaona? Magetsi akathima mota yanuyo isakasaka. Dzanja silisakasaka.

Wa Studio ku Ndirande:
kkkkk Madala simugonja inu eti

Wa ku Nkhata Bay:
Pepani ndalowerera mochedwa. Musanaganize zoigulitsa kapena kusinthanitsa, lenzi yogula kwa munthu muiunike kaye. Tsegulani aperture yonse, kumbuyo kuli kalivala mukakankhe ndi chala, muwalitse tochi ya foni mbali inayo muyang'ane chopendeketsa. Fumbi pang'ono si nkhani, koma mukaona tingati ulusi wa kangaude toyambira m'mbali ndi fangasi imeneyo. Muonenso timasamba ta aperture ngati tili ndi mafuta, kalivala kaja mukakasiya tizitseka msanga osati mozengereza. Kuno kunyanja chinyezi chinandidyera 55-200 dzinja limodzi lokha, ndinaisiya m'chikwama mu wadiropu kuyambira Disembala mpaka Malichi, potulutsa mkati muli maluwa. Ndinapita nayo kwa wina wokonza mawotchi ndi mafoni anati aitsegula apukute, anaitsegula ndithu, pobweza kunatsala tisikuluwu tiwiri pa tebulo iye akuti n'tosafunika, kuyambira pamenepo mbali imodzi ya chithunzi mbuu. Pano zonse ndimasunga mu kontena ya pulasitiki yotseka bwino ndi timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndikamaona tanyowa ndimatiumitsa. M'chikwama cha kamera musasungiremo nthawi ya mvula

Mlongo wa ku Zomba:
Ndipo posinthanitsapo wina asakupatseni AF-P poti mwamva kuti P ndi yatsopano. AF-P pa D3200 siigwira, ndipo imeneyo olo ndi dzanja simufokasa poti ring'i yake imadalira magetsi a bodi. Inu muzifuna AF-S basi, S. Lembani pa pepala mumutumizire msuweniyo chithunzi chake. Ngakhale mutadzasamukira ku makamera a Nikon Z, adaputa ya FTZ nayonso 50D siipukusa

Madala a Filimu:
Lenzi yokana dzanja ndiye lenzi yanji imeneyo. Mphwanga wa ku Kawale musagulitse 50D yo, ndikuuzani ine. Mukaigulitsa mundiuze ndigule ndine.

Mnyamata wa Canon:
aaa Madala kani nkhani yonseyi mumafuna lenziyo kkkkk

Wa ku Kawale:
Wa D90 uja sakuyankha foni. Pali wina wandilembera kuti ali ndi 50 ya mota ya kampani ina yotchipa akufuna tisinthane ndimuonjezere pang'ono, ndipange?

Wa Studio ku Ndirande:
Pitani ndi bodi yanu mukaiyese pomwepo, osati masana panja ayi, mulowe nayo m'chipinda chamdima muone ngati ikugwira kapena ikungopita uku ndi uku, mumvenso phokoso la mota poti zina zimalira ngati chigayo mu tchalitchi anthu amachita kutembenuka. Jambulani nyuzipepala pakhoma pa 1.8 muone ngati fokasi ikugwera pomwe mwaloza, D3200 ilibe AF fine tune ikamaphonya mulibe pokonzera. Ndalama musatumize pa foni musanaigwire m'manja

Mlongo wa ku Zomba:
Achimwene a ku Kawale zinatha bwanji Loweruka?

Wa ku Nkhata Bay:
Ali ndi chaja ya EN-EL14 yomwe sakuigwiritsa ntchito andipeze, yanga yapsa ndi magetsi obwera mwamphamvu usiku wathawu