Masiku achilendo okondwerera mbewu: ndi liti tingatengere kusukulu kuno ku Dedza?

Mphunzitsi_Bembeke:
Moni nonse. Kalabu ya zaulimi pasukulu pathu ikufuna tsiku loti ana aone mmene anthu a m'mayiko ena amakondwerera mbewu zawo. Ndamva kuti ku Spain amagendana ndi tomato. Kodi nzoona? Nanga alipo masiku ena otere omwe tingachite ndi zomwe timalima kuno, monga kachewere? Ndithandizeni madeti ndi kachitidwe kake.

NaJere_Lizulu:
Nzoona aphunzitsi. Amati La Tomatina, imachitikira m'tauni ya Buñol Lachitatu lomaliza la Ogasiti. Inayamba mu 1945, ndipo kuyambira 2013 amalowa ndi tikiti chifukwa anthu anachulukitsa. Malole amakhuthula tomato wopitirira matani 100, kugendanako n'kwa ola limodzi basi. Lamulo lake tomato uyambe wamufinya usanaponye, poti wathunthu amapweteka. Ambiri amavalanso magalasi osambirira chifukwa madzi ake amawawa m'maso. Koma imeneyi musatengere. Makolo omwe amathirira kudimba ndi keni kuti akagulitse pa Lizulu sangakondwe kuona ana akuseweretsa ndiwo.

Mlangizi_Tsangano:
Yoyenera ana ili ku Oaxaca, ku Mexico: Noche de Rábanos, pa 23 Disembala, kuyambira 1897. Amasema zithunzi za anthu, nyama ndi matchalitchi pa mizu ya radish (mbewu yodyedwa muzu ngati karoti) yomwe amaisiya dala m'munda mpaka ikule mopitirira. Chionetserocho chimangokhala cha maola ochepa chifukwa mizuyo imafota, n'chifukwa chake osema amayiwaza madzi pafupipafupi.

Kuno semani kachewere. Vuto lake amada akangodulidwa, mpweya ukakhudza mkati mwake. Konzani beseni la madzi ozizira, mufinyiremo mandimu awiri pa malita awiri aliwonse, chosema chilichonse chizikhala mmenemo mpaka nthawi yoonetsa. Semani m'mawa wa tsikulo, osati dzulo lake. Sankhani wamkulu wolimba, wongokumbidwa kumene. Wofota amang'ambika mpeni ukalowa. Kuti musaononge chakudya, tengani uja wobiriwira chifukwa choombedwa ndi dzuwa ali m'munda. Ameneyu ali ndi poizoni wotchedwa solanine yemwe satha ngakhale muphike, choncho akatha kuonetsa akwiriridwe, asadyedwe. Ana aang'ono apatseni masupuni ndi timitengo tosongola, mipeni ikhale ya akuluakulu.

NgozoWakuNtcheu:
Achimwene a ku Tsangano anena bwino, koma Disembala 23 sukulu zimakhala zitatsekera. Deti lake likhale 30 Meyi. Ku Peru, kwawo kwa mbewuyi, limeneli ndi tsiku la kachewere, ndipo bungwe la United Nations linalivomereza kukhala la dziko lonse lapansi kuyambira 2024. Mvula imakhala itatha, nkhuni zili zouma.

Patsikulo muphike mwa chi Peru. Amati pachamanca, kuphika m'dzenje ndi miyala yamoto. Nayonso ili ndi tsiku lake kumeneko, Lamulungu loyamba la Febuluwale. Kumbani dzenje lakuya pafupifupi theka la mita. Sanjani miyala yaikulu ngati nkhonya ziwiri pamwamba pa nkhuni, moto uyake ola limodzi ndi theka mpaka miyala iyere. Chotsani makala onse ndi fosholo. Pansi ikani miyala ina, kenako kachewere ndi mbatata zosasenda chifukwa ndizo zimachedwa kupsa. Pamwamba pake miyala inanso, nyama yothira kale mchere ndi adyo yokulunga m'masamba a nthochi, pomaliza chimanga chachiwisi cha kudimba. Vindikirani ndi masamba a nthochi ambiri, masaka a ziguduli onyowa, kenako dothi. Dikirani ola limodzi ndi theka.

Zimene zimalakwika ndi izi. Miyala ya mumtsinje musaiyandikize pamoto: imasunga madzi mkati, ikatentha imaphulika ndi kuvulaza anthu. Tolani youma ya kumtunda, muyiotche kaye tsiku lina ana kulibe kuti yofooka isweke. Mukaona nthunzi ikutuluka pena pake, thiranipo dothi msanga, apo ayi kutentha kuthawa ndipo kachewere atuluka wosapsa pakati. Masaka a pulasitiki, makamaka a feteleza, asafike padzenjepo, amasungunukira m'chakudya.

Mphunzitsi_Bembeke:
Zikomo kwambiri. Ana alipo 40. Dzenje limodzi likwana?

NgozoWakuNtcheu:
Kumbani awiri, aphunzitsi, lililonse la makilogalamu 10 a kachewere wa msinkhu wofanana. Mukaunjika zonse m'dzenje limodzi, miyala imazizira chakudya chisanapse. Nkhuku muidule zidutswa zing'onozing'ono, ndipo musanagawe ng'ambani chidutswa chimodzi mpaka pafupa. Ngati pali magazi, mumalizire mumphika.